Za Kuiwala kwa Nkhalamba ndi Moto wa m'Ubongo

Phunziro la mwezi uno

Tiyambe ndi nkhani imene ambiri a inu mudzaizindikira, pakuti zotere zichitika ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chilomoni ndi ku midzi komwe. Taganizani za mai wokalamba amene ana ache anamtenga kwao ku Chiradzulu kuti akhale nao m'tauni. Chaka choyamba aiwala pamene waika mchere. Chaka chachiwiri afunsa funso limodzi kasanu dzuwa lisanafike pamutu, naitana mdzukulu wache ndi dzina la mng'ono wache amene anamwalira kalekale. Chaka chachitatu adzuka pakati pa usiku, namanga kamtolo ka nsalu zache, natuluka, nati apita kumunda. Kutacha anthu ampeza pafupi ndi msika wa Limbe, wopanda mpango kumutu, fumbi lokhalokha, wosadziwa dzina la mwana wache kapena njira imene anadzera. Khamu lisonkhana, ndipo wina afuula kuti, "Mfiti iyi yagwa pa lichero!" Akamfunsa mwaukali ngati anauluka usiku, iye avomera, chifukwa tsopano avomera chiri chonse chimene munthu amfunsa.

Tidziwa tonse kumene mau otere afikitsa. M'mwezi wa January 1916 sitinali ndi moyo, koma January wa 2016 timkumbukira: ku Neno nkhalamba zinai zinaphedwa ndi anthu a kwao komwe, mphezi itapha mtsikana wina. Ngati ukalamba wokha ufikira kuutsa mlandu wotere, nanga ukalamba pamodzi ndi kuyenda usiku ndi kulankhula zosamveka? Lamulo la chaka cha 1911 linaletsa kutchula munthu mfiti, ndipo m'chaka cha 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo lina lotchinjiriza okalamba. Koma lamulo lokha silichotsa mantha mumtima. Chochotsa mantha ndicho kudziwa. Chifukwa chache tifuna kulongosola m'phunziro lino chimene chichitika m'mutu mwa mai uja.

1. Dzina la nthendayi

Si kuiwala konse kuli nthenda iai. Munthu wa zaka 70 akaiwala dzina la mlendo, nalikumbukira madzulo, palibe kanthu. Koma kuiwala kukakula chaka ndi chaka, kufikira munthu alephera kuphika, kuwerenga ndalama, kubvala, kapena kubwerera kwao, pamenepo madotolo ati wadwala dementia. Ife tiitcha nthenda ya kuiwala. Iri ndi mitundu ingapo, ndipo mtundu wochuluka ndiwo wa Alzheimer.

Dzina ili ndi la dotolo wa ku Germany, Alois Alzheimer. M'chaka cha 1901, m'chipatala cha ku Frankfurt, anaona mai wa zaka 51 amene anaiwala zinthu, nasokera m'nyumba mwache momwe. Maiyo atamwalira m'chaka cha 1906, dotoloyo anapenda ubongo wache ndi galasi lokuza zinthu, napeza kuti unafota, ndi kuti munali timibulu ta zinyalala pakati pa minyewa, ndi tina tonga ulusi wopiringizika m'kati mwache. Taonani, chinthu chimene anthu akadachiyesa mizimu chinaoneka ndi maso.

Bungwe la za umoyo la dziko lonse, WHO, linawerengera kuti m'chaka cha 2021 odwala dementia anali 57 miliyoni, ndi kuti oposa magawo 60 pa 100 a iwo akhala m'maiko osalemera. Kwa anansi athu a ku Tanzania, m'boma la Hai pansi pa phiri la Kilimanjaro, madotolo anayenda m'midzi kupima anthu a zaka 70 ndi kuposapo, nalengeza m'chaka cha 2013 kuti 6 mwa 100 ali onse anali nayo. Chotero asanene munthu kuti ndi nthenda ya Azungu okha.

2. Timbaula ta m'thupi

Thupi limangidwa ndi tizipinda tating'onoting'ono, monga nyumba imangidwa ndi njerwa. Madotolo atitcha maselo. M'ubongo wa munthu mmodzi muli maselo otumiza mau ngati 86 biliyoni, ndipo liri lonse liri ndi nthambi ndi ulusi wofikira kwa anzache. Kuganiza, kukumbukira ndi kukweza mwendo, zonsezi ndi mau othamanga pa ulusi umenewu.

Nchito iri yonse ifuna mphamvu. M'kati mwa selo muli tinthu tambirimbiri timene akatswiri atitcha mitochondria, dzina limene Carl Benda anatipatsa m'chaka cha 1898. Ife titi timbaula, pakuti nchito yache ndi yomweyo: tilandira chakudya chimene mwazi wabweretsa, tichitentha ndi mpweya umene tapuma, ndipo titulutsa mphamvu. Pali chodabwitsa china chimene ife a mbumba tidzachikonda: munthu alandira timbaula tache kwa amache okha, ndi amachewo kwa amai ao.

Ubongo ulemera pang'ono, ngati magawo 2 pa 100 a thupi lonse, koma udya magawo 20 pa 100 a mphamvu imene thupi lipanga munthu ali chikhalire. Nanga mphamvu yonseyi ipita kuti? Anthu a m'Blantyre angathe kumvetsa ichi msanga. Madzi ambiri a mumzinda uno achokera ku mtsinje wa Shire, pa Walker's Ferry, ndipo sabwera okha, pakuti mzinda uli pamtunda. Makina awakankha kukwera chitunda usana ndi usiku, nadya magetsi ambiri. Magetsi akachepa, oyamba kusowa madzi ndiwo okhala kutali ndi pamwamba. Momwemonso selo la ubongo lipopa kosaleka: litulutsa mchere wina kunja ndi kulowetsa wina m'kati, kuti likhale lokonzeka kutumiza mau. Silisunga nkhokwe ya mphamvu, ndipo timbaula tikafooka, nsonga za ulusi wautali ndizo ziyamba kuuma.

Tsono mbaula iri yonse ithetheka mbaliwali, ndipo mbaliwali ziboola nsalu ya wophika. Timbaula ta m'thupi natonso titaya tizidutswa ta mpweya taukali timene tiononga pang'onopang'ono selo ndi kambaula komwe. Pa ubwana ndi pa unyamata selo lizindikira msanga kambaula kong'aluka, likaphwanya, ndi kupanga kena. Pa ukalamba nchito yokonzayi ichedwa, ndipo timbaula tong'aluka tichuluka: mphamvu ichepa, mbaliwali zichuluka. Maselo a khungu ndi a mwazi akafa abadwa ena m'malo mwao. Koma ochuluka a ubongo ndi omwe aja tinabadwa nao, ndipo asenza zipsera za zaka zonse.

3. Alonda a ubongo

Munga ukalasa phazi, malowo afiira, atupa, atentha, nawawa. Uku ndiko kutupa kumene tinena m'phunziro lino, ndipo si mdani iai: ndi nkhondo ya thupi pa tizilombo tolowa pa bala. Adani akatha, nkhondo ileka, ndipo bala lipola.

Ubongo uli ndi alonda ache a okha, maselo ang'ono otchedwa microglia, amene Pío del Río Hortega wa ku Spain anawalongosola m'chaka cha 1919. Iwo ndiwo alonda ndi osesa pamodzi. Ayendayenda ndi timanja tao pakati pa minyewa, nameza zinyalala, nadulira nthambi zakufa, ndipo mdani akalowa aomba mfuu ndi kuthira mankhwala otentha.

Kuti kutupa kwa m'mutu kungathe kupha, tinakuphunzira kuno kwathu. Pa chipatala cha Queen Elizabeth, chimene chinatsegulidwa m'chaka cha 1958, madotolo Terrie Taylor, Karl Seydel ndi anzao anajambula ubongo wa ana 168 okomoka ndi malungo a m'mutu, ndi makina otchedwa MRI. M'chaka cha 2015 analengeza kuti mwa ana 25 amene anamwalira, 21 anali ndi ubongo wotupa kwambiri. Koma mwa ana 143 amene anachira, otupa chotero anali 39 okha. Maiko onse anaphunzira ichi kuchokera ku Blantyre.

Kumeneko ndi kutupa kwa msanga, konga moto wa lupsa umene upsereza thengo tsiku limodzi. Kutupa kwa ukalamba ndi kwina. Kufanana ndi moto wolowa m'chitsa, umene ulibe malawi, suoneka ndi odutsa, koma unyeka pansi masiku ambiri kufikira mizu yasanduka phulusa. Popima mwazi wa nkhalamba zambiri, akatswiri apeza zizindikiro za nkhondo yaing'ono yosaleka, pangakhale palibe bala kapena malungo. Claudio Franceschi wa ku Italy ndiye anachitcha dzina chinthu ichi m'chaka cha 2000, polumikiza mau a Chingerezi a kutupa ndi a kukalamba.

4. Umo ziwirizi zidyetsana

Apa mpamene pagona phunziro lathu. Timbaula tofooka ndi alonda okwiya sizikhala pazokha. China chiutsa chinzache.

M'mapangidwe ache kambaula kafanana ndi tizilombo ta bakiteriya. Kakakhala m'kati mwa selo palibe mlandu. Koma kakasweka, ndipo zam'kati mwache zikatayikira kunja, alonda aziyesa mdani, naomba mfuu, nathira mankhwala ao otentha. Mankhwalawo apsereza timbaula ta maselo oyandikana, nato tisweka, ndipo alonda ena adzuka. Alonda otanganidwa ndi nkhondo aleka kusesa. Chotero zinyalala zija anaziona Alzheimer, zimene lero zitchedwa amyloid ndi tau, ziunjikana, nizikwiyitsanso alonda. Chifanana ndi mlonda wokalamba wosaona bwino, amene amva mbale ikugwa m'nyumba, nayesa mbala, naponya muuni wa moto pa tsindwi la mbuye wache.

Kale ambiri anayesa kuti alonda angobwera kudzaona maliro, ndi kuti sachimwa kanthu. Koma m'chaka cha 2013 kunapezeka kuti anthu obadwa ndi chilema chaching'ono m'chibadwa cha alondawa, pa malo otchedwa TREM2, adwala nthenda ya Alzheimer kawirikawiri koposa anzao. Akatswiri akali kutsutsana kuti chiyamba nchiti, zinyalala, timbaula kapena alonda. Koma abvomerezana kuti zitatuzi zikokana, ndi kuti ziyamba zaka 10 kapena 20 munthu asanaonetse kuiwala.

Palinso njira ya mwazi. Mitsempha yaing'ono ya m'ubongo ikauma kapena kutsekeka, makala ndi mpweya sizifika ku timbaula, ndipo tizigawo ta ubongo tifa, kena lero, kena chaka chamawa. Uwu ndi mtundu wachiwiri wa nthenda ya kuiwala, mbale wache wa sitiroko, ndipo nkhalamba zambiri ziri ndi mitundu iwiriyi pamodzi.

Tsopano tingathe kumasulira machitidwe a mai uja. M'nthenda ya Alzheimer moto uyambira ku chigawo cha ubongo chimene chilemba zinthu zatsopano. Chifukwa chache za lero sizilembedwa, koma za kale zikhalabe. Bangwe aiwala, Chiradzulu wa utsikana wache akumbukira, ndipo auka kunka komweko. Chigawo chosunga nthawi chikasokonezeka, usiku ndi usana zisanganikirana. Akaiwala pamene anabisa ndalama, anena kuti mpongozi waba. Akafunsidwa ndi khamu laukali, alibenso nzeru yakukana. Zonse zimene anthu aziyesa umboni wa ufiti ndizo zizindikiro zolembedwa m'mabuku a madotolo.

5. Umboni wa nthenda ya kunjenjemera

Kapena wina adzati, Tidziwa bwanji kuti timbaula tiri ndi mlandu? Yankho lomveka lichokera ku nthenda ina ya ubongo, imene James Parkinson wa ku London anailongosola m'chaka cha 1817. Wodwala anjenjemera dzanja ali chikhalire, thupi liuma, ayenda mowerama ndi timapazi tating'ono, ndipo nkhope yache ikhala ngati yosasekera. M'nthenda iyi afa maselo a pa kamalo kakuda ka pansi pa ubongo, amene apanga mankhwala otchedwa dopamine, ofewetsa mayendedwe. Maselo amenewa ali ndi nthambi zochuluka koposa, nafuna mphamvu yambiri. Ndiwo aja okhala kutali ndi pamwamba, oyamba kusowa madzi.

M'chaka cha 1982 ku California, m'dziko la America, anyamata ndi atsikana ena anadzibaya mankhwala ozunguza bongo opangidwa molakwika, ndipo patapita masiku owerengeka anauma thupi ngati nkhalamba zodwala Parkinson. Dotolo William Langston anapeza ululu umene unali m'mankhwalawo, ndipo pambuyo pache kunadziwika kuti ululuwo ulowa m'maselo omwe aja ndi kuzima timbaula tao. M'chaka cha 2000 ena anapatsa makoswe rotenone, mankhwala ophera tizilombo a mtundu umodzi ndi ululu wa m'masamba a ombwe umene anthu aledzeretsa nao nsomba. Nayonso izima timbaula, ndipo makoswewo anaonetsa zizindikiro za nthendayi. Ndiponso m'mabanja ena m'mene Parkinson agwira anthu akali achinyamata, munapezeka zilema ziwiri za chibadwa, china m'chaka cha 1998, china m'chaka cha 2004. Ndipo zonse ziwiri ziri pa nchito ija yochotsa timbaula tong'aluka. Mboni zitatu zaloza malo amodzi.

Odwala kunjenjemera amve ichi: alipo mankhwala otchedwa levodopa, amene madotolo akhala akupatsa anthu kuyambira zaka za m'ma 1960. Sachiza nthenda, koma afewetsa thupi zaka zambiri. Munthu wotere apite naye ku chipatala, asamtengere kwa woombeza.

6. Chifukwa ninji tiziona zambiri tsopano?

Akulu ena ati, Kale kunalibe zimenezi. Zinalipo, koma ofika zaka zache anali owerengeka. Cha m'ma 2000, Edzi ili pa ukali wache, zaka zimene mwana wobadwa m'Malawi anayembekezeka kukhala ndi moyo sizinafike 50. Pofika 2019 zinapitirira 60. Ichi nchokondweretsa, koma nkhalamba zikachuluka, nthenda za ukalamba zichulukanso. Ndiponso m'mudzi munthu woiwala azingidwa ndi anthu omdziwa, ndipo mwana ali yense angathe kumbweza kwao. Mumzinda wa Blantyre, m'mene kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 800,000, nkhalamba ikangokhota njira ziwiri yasanduka mlendo.

Pali zinanso za kwathu kuno zimene zithira nkhuni pa moto uja. Choyamba ndicho kuthamanga kwa mwazi, kumene anthu atcha BP. Kafukufuku wa m'dziko lonse lino wa chaka cha 2009 anapeza kuti mmodzi mwa akulu atatu a zaka 25 kufikira 64 anali nako, ndipo ochuluka sanadziwe. Chachiwiri ndi nthenda ya shuga, imene iononga mitsempha ndi kulemetsa timbaula. Chachitatu ndi kachilombo ka HIV, kamene kalowa m'ubongo ndi kukhala mwa alonda omwewo. Chiyambire 2004, pamene boma linayamba kugawa ma ARV kwaulere, kusokonezeka mutu koopsa kwa Edzi kunachepa kwambiri. Koma woleka mankhwala autsanso moto umene unagona. Chachinai ndi utsi wa nkhuni, wa makala ndi wa galimoto, umene tipuma tsiku ndi tsiku.

7. Zimene tingathe kuchita tisanakalambe

Kufikira lero palibe mankhwala ochiza nthenda ya Alzheimer. M'chaka cha 2023 dziko la America linaloleza mankhwala osesa zinyalala za amyloid, koma angochedwetsa nthenda pang'ono, ndipo mtengo wache ngwaukulu. Wina akadza pa khomo panu ndi botolo, nati lichiza kuiwala, sungani ndalama zanu.

Koma tisataye mtima. M'chaka cha 2024 akatswiri osonkhanitsidwa ndi magazini ya madotolo ya Lancet anatchula zinthu 14 zimene anthu angathe kuzikonza, nawerengera kuti zikadachotsedwa zonse, pafupifupi magawo 45 pa 100 a nthenda ya kuiwala akadapewedwa kapena kuchedwetsedwa. Ndipo m'chaka cha 2025 kunalengezedwa za ku China, kumene anthu pafupifupi 34,000 a BP m'midzi 326 anatsatidwa zaka 4. M'midzi imene alangizi a zaumoyo a m'mudzi momwemo anatsitsa BP ya anthu mwakhama, odwala kuiwala anachepa ndi magawo 15 pa 100. Sanachite ichi ndi makina odula iai, koma ndi kachipangizo kopimira pa mkono ndi mibulu wamba.

Chotero tilangiza izi. Munthu ali yense wopitirira zaka 40 apimitse BP ndi shuga, ngakhale samva kuwawa. Zipatala zazing'ono za ku Ndirande, Limbe, Zingwangwa, Bangwe ndi Chilomoni ziri pafupi, ndipo ku midzi ziliponso. Wopatsidwa mankhwala amwe masiku onse, asaleke poona kuti wapeza bwino. Tichepetse mchere m'ndiwo. Tiyende ndi miyendo ndi kugwira khasu monga mwa mphamvu zathu, pakuti minofu yogwira nchito ipanga timbaula tatsopano, ndipo mwazi uyenda bwino kunka kumutu. Fodya ndi kachasu tizileke. Tiphikire panja kapena pamalo popita mphepo. Wokwera njinga yamoto abvale chipewa cholimba, chifukwa bala la m'mutu lidzutsa alonda, ndipo ena sagonanso. Ana apite ku sukulu, asungwana pamodzi ndi anyamata, pakuti ubongo wophunzira uli ndi njira zambiri, ndipo imodzi ikatsekeka mau adzera ina.

Maso ndi makutu tisazinyoze. Nkhalamba yosamva ndi yosaona ikhala yokha ngakhale pakati pa anthu, ndipo ubongo wosalandira mau ufota msanga. Ng'ala ichotsedwa, pa Queen Elizabeth pali chipatala cha maso cha Lions chimene chichita nchito imeneyi. Ndipo kucheza nako ndi mankhwala: amene tiwasiya okha m'kanyumba ka kuseri tiwafulumizitsa kuiwala.

8. Kusunga wodwala

Poyamba tisiyanitse zinthu ziwiri. Nthenda ya kuiwala ibwera pang'onopang'ono, pa miyezi ndi zaka. Koma nkhalamba imene inali bwino dzana, ndipo lero yasokonezeka, ibwebweta kapena ingogona, imeneyo yagwidwa ndi china: kapena malungo, chibayo, nthenda ya m'chikhodzodzo, shuga wotsika, kapena sitiroko. Muthamange nayo ku chipatala tsiku lomwelo, pakuti zambiri za izi zichizika. Ngakhale woiwala pang'onopang'ono ayenera kupimidwa, chifukwa chindoko chakale, HIV, kusowa zakudya zina m'thupi, ndi chisoni chachikulu zingathe kubvala nkhope ya nthendayi, ndipo izi ziri ndi mankhwala.

Dotolo akatsimikiza kuti ndi nthenda ya kuiwala, banja lichite izi. Muuze anansi, a mfumu ndi akulu a mpingo msanga, usiku woyamba wa kusokera usanafike. Nthenda yobisidwa ndiyo isanduka mphekesera. Musokere pa chobvala chache kansalu kolembedwa dzina lache, dera lache ndi nambala ya foni ya mwana wache. Muike belu kapena chitini pa chitseko, ndi kusiya kanyali usiku. Asatsale yekha ndi mbaula ya moto. Musammange ndi chingwe kapena kumtsekera m'chipinda tsiku lonse. Ayende masana ndi mdzukulu, aothe dzuwa, atongole chimanga, asankhe nyemba, kuti usiku agone.

Musatsutsane naye. Akati, "Ndipita kwa amai," musanene kuti, "Amai anu anafa kale," pakuti adzalira maliro atsopano, ndipo mawa adzafunsanso. Nenani, "Agogo, kwada tsopano, khalani pansi mutiuze za amai anuwo." Akakunenani kuba, musapse mtima, funani naye pamodzi chotayikacho. Nyimbo zimene anaziphunzira ali mwana zikhalitsa koposa maina, ndipo ambiri osadziwanso ana ao aimba bwino ndime zonse; muziimba naye.

Tikumbukirenso wosunga wodwala. Kawirikawiri katundu yense agwera mwana wamkazi mmodzi, kapena mdzukulu amene aleka sukulu. Munthu wosagona miyezi yambiri apsa mtima, ndipo mau oti "mfiti" nthawi zina ayambira m'nyumba momwemo, pakamwa pa wotopa. Abale agawane masiku ndi ndalama, ndipo amai a m'mudzi amlandire wosungayo tsiku limodzi pa mlungu, kuti apite ku msika ndi kupumula.

Ndipo inu mukapeza khamu litazinga nkhalamba pa Limbe, pa Ginnery Corner kapena pa chitsime cha kwanu, musadutse. Lowani pakati, mumpfunditse nsalu, munene naye mofatsa, "Agogo, mwatopa, tiyeni mukhale apa mumwe madzi." Uzani anthu kuti munthuyu adwala, ndipo mumperekeze kwa a mfumu, ku polisi kapena ku chipatala kufikira abale ache apezeka. Makolo anati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Zaka zonse moto wa m'mabanja mwathu unazimira mwa iwo. Tsopano moto uli m'mutu mwao, ndipo dambo tikhale ife.

Mafunso a pa phunziro

1. Kodi kuiwala kwa masiku onse kusiyana bwanji ndi nthenda ya kuiwala?
2. Timbaula ta m'maselo tigwira nchito yanji, ndipo chifukwa ninji ubongo uyamba kubvutika tikafooka?
3. Longosolani umo kambaula kosweka kautsira alonda a ubongo.
4. Chifukwa ninji wodwala akumbukira mudzi wa ubwana wache, naiwala nyumba imene agona lero?
5. Ndi kusokonezeka kotani kumene kufuna chipatala tsiku lomwelo?
6. Kodi m'mudzi mwanu kapena m'dera lanu muli nkhalamba yotere? Ndani aisunga, ndipo ndani adzamlandira mlungu uno?